Amene Anachotsa Basi ya Mbandakucha

Foni inalira Lachiwiri m'mawa, Ndandanda atangokhala pampando wake wa mu ofesi, tiyi asanamwe n'komwe. Anali mkazi wake. Analankhula mwaphuma, mawu akudukaduka, kuti achemwali ake agwera m'ngalande popita kuntchito ndipo athyoka mwendo. Anali atagonekedwa kale kuchipatala chachikulu.

Dzina loti Ndandanda anamupatsa ndi anzake a kuntchito. Kwa zaka khumi ndi chimodzi, ndiye ankakonza ndandanda ya mabasi a kampani yonyamula anthu mumzindawo ndi m'madera ozungulira. Basi iliyonse inkanyamuka pa nthawi imene iye walemba. Ofesi yake inali pamwamba pa depoti, ndipo akasuzumira pazenera ankaona madenga a mabasi ali ndandanda ngati mikate yochokera mu uvuni. Koma m'kati mwa basi anali asanalowemo kwa zaka zisanu ndi chimodzi, chigulireni galimoto yake.

Atafika mu wodi anapeza alamu akewo ali chagada, mwendo wamanja utamangidwa kuchokera m'chiuno. Mayiwa ndi amene analera mkazi wake makolo awo atamwalira. Anali amasiye, ndipo ankagwira ntchito yochapa ndi kusita nsalu m'chipatala chomwecho. Ngakhale nkhope yawo inali itatuwa ndi ululu, atangomuona anayamba nthabwala zawo za chilamu. Anamufunsa ngati wabwera kudzaona ngati afa kuti akatenge mipando yawo. Kenako anasisita nsalu ya pabedipo n'kunena kuti anaisita okha Loweruka, osadziwa kuti akudziyalira.

Amene anafotokoza nkhani yonse anali mnzawo wa kochapira, mayi wamfupi wa mawu akuthwa, yemwe ankakhala nawo dera limodzi. Dera lawolo linali kumapeto kwenikweni kwa mzinda, kumene basi ya nambala 14 imatembenukira. Ntchito yawo inkayamba sikisi koloko. Kwa zaka zambiri ankakwera basi yoyamba, yonyamuka kutatsala mphindi khumi kuti ikwane faifi. Koma milungu isanu yapitayo basiyo inangosowa popanda chidziwitso, ndipo yoyamba inayamba kubwera sikisi itadutsa kale. Kuyambira pamenepo anthu ankayenda pansi makilomita anayi kukafika kumsewu waukulu, kunja kusanache. Tsiku limenelo kunali mvula, magetsi a mumsewu anali atazima. Kunabwera lole ikuthamanga, alamuwo anaipatukira, ndipo phazi linaponda pamalo pamene chivundikiro cha ngalande chinabedwa kalekale.

Mayi wamfupiyo sanathere pomwepo. Anatemberera munthu amene anachotsa basiyo, akunena kuti kaya ndi ndani, ayenera kuti amagona mpaka dzuwa kumuwotcha pamsana, ndipo sadziwa kuti nsalu imene adzagonere akadzadwala imachapidwa ndi anthu odzuka usiku. Ndandanda anangoyang'ana botolo la madzi a m'mitsempha likudontha.

Mkazi wake anatembenukira kwa iye. “Bambo a ana, inu mumagwira komweko. Amachotsa mabasi ndi ndani kwenikweni?”

“Zimachokera kwa mabwana,” iye anayankha. “Ife timangolandira zolembalemba.”

Bodza limeneli sikanali koyamba kulinena. Mlungu umene basiyo inachotsedwa, alamu akewo anamuimbira foni kumufunsa chimene chachitika. Anawayankha chimodzimodzi, nalonjeza kuti afufuza. Sanafufuze, chifukwa panalibe choti afufuze. Basiyo anaichotsa yekha.

Zinayamba mafuta atakwera mtengo. Manijala wa kampaniyo anamuuza kuti apeze maulendo ochepa amene angachotsedwe, ndipo anamulamula momveka bwino kuti akwere yekha mabasi a m'mawa kwa mlungu wathunthu, awerenge anthu ndi maso ake. Inali nyengo yozizira. Kukwera basi yoyamba ya nambala 14 kunkatanthauza kudzuka fili koloko. Ndandanda anadandaulira mnzake wa ku ofesi ya matikiti, yemwe aliyense ankamutchula kuti Zayenda chifukwa chilichonse chimene wamufunsa ankayankha kuti zayenda. Zayenda anaseka, namusindikizira pepala losonyeza matikiti ogulidwa pa ulendo uliwonse. Basi ya mbandakuchayo inkagulitsa matikiti asanu ndi anayi, nthawi zina khumi ndi limodzi. Ndandanda anaidula ndi cholembera chofiira, ndipo m'lipoti lake analemba kuti anakwera yekha n'kuipeza ili yopanda anthu. Anasayina pansi pake.

Pochoka kuchipatala tsiku limenelo anakhala nthawi yaitali m'galimoto osailiza. Dokotala anali atanena kuti fupa la m'ntchafu lathyoka pawiri ndipo pafunika kuikamo chitsulo. Mayi wa zaka makumi asanu ndi zinayi, wogwira ntchito yoimirira tsiku lonse.

M'mawa mwake anapita kwa Zayenda, natseka chitseko, namuuza zonse. Zayenda anamvetsera akutafuna chotokosera m'mano. Ananena kuti n'zomvetsa chisoni, koma palibe amene anakankha mayiwo. Ngalande ndi ya khonsolo, lole ndi ya eni ake, mvula ndi ya Mulungu. Anamukumbutsanso kuti ali ndi ana awiri kusukulu.

“Achimwene, tsekani pakamwa,” anatero Zayenda. “Dikirani miyezi iwiri, kenako mubwezeretse basiyo mwakachetechete ngati mwatulukira nzeru yatsopano. Adzakuyamikani. Mukalankhula lero mumira, ndipo ine amene ndinakupatsani pepala lija mundikokera m'madzi momwemo.”

Malangizowa anamveka okoma, ndipo Ndandanda anawatsatira masiku atatu. Madzulo aliwonse ankapititsa mkazi wake kuchipatala, atanyamula zipatso ndi madzi otentha m'fulasiki. Ankagula zambiri kuposa zofunika, mpaka alamuwo anamuseka kuti akufuna kuwanenepetsa kuti chitsulo chipindike. Iye ankaseka nawo, koma chakudya chinasiya kumulowa. Kunyumba ana akamufunsa za homuweki ankawayang'ana osamva chimene anena.

Lachisanu, akufunafuna fayilo ina m'dirowa ya pansi, anapeza envulopu yakhaki yosatsegula. Pamwamba pake panali chizindikiro chozungulira cha kapu ya tiyi. Anakumbukira kuti mlembi anaibweretsa mwezi wathawo n'kunena kuti yachokera kwa anthu a nambala 14, ndipo iye anaiponya m'menemo poganiza kuti ndi madandaulo a masiku onse. Anaing'amba. Inali kalata yolembedwa pamanja, yaulemu, yopempha kuti basi ya mbandakucha ibwerere. Inatchula za mdima, za magalimoto akuluakulu, ndipo inatchulanso ngalande zosavundikira. Pansi pake panali mayina makumi asanu ndi asanu ndi atatu. Dzina lachisanu ndi chiwiri linali la alamu ake, lolembedwa ndi zilembo zazikulu zopendekeka zimene ankazidziwa pa makadi a tsiku lobadwa la ana ake.

Anatsika masitepe n'kulowa m'depoti. Kumeneko kunali fungo la dizilo ndi sopo wotsukira mabasi, ndipo m'kachipinda ka pafupi ndi geti munali Mayi Inspekita. Mayiwa anayamba ntchito ngati kondakitala Ndandanda akadali ku pulayimale, ndipo tsopano ankayang'anira madalaivala ndi makondakitala onse. Sankakweza mawu, koma ngakhale madalaivala aukali ankavula chipewa akamalankhula nawo. Ndandanda anawafunsa, ngati nkhani yongocheza, kuti basi yoyamba ya nambala 14 inkanyamula anthu angati.

Mayi Inspekita anavula magalasi n'kumuyang'ana. Anati sinkatsika pa makumi asanu ndi limodzi, ndipo ikamafika pasiteji yachinayi ena ankakhala ataimirira. Iye atatchula za matikiti asanu ndi anayi aja, mayiwo anapukusa mutu. Anamufotokozera kuti anthu a basi yoyamba ndi alonda, ochapa, osesa m'maofesi ndi ophika buledi, ndipo pafupifupi onse amayendera khadi la pamwezi limene amagula kumayambiriro kwa mwezi. Khadilo amangolionetsa kwa kondakitala, tikiti sadula. Choncho pepala la matikiti limawerenga alendo okha, eni basi enieni osawaona. Anawonjezera kuti iwo analemba kakalata kochenjeza za zimenezi basiyo itangochotsedwa, koma sanayankhidwe.

Kenako anati, “Dalaivala wa basi imeneyo anandiuza kuti mlungu wonse uja sanakuoneni. Ndinangosunga mumtima. Ndinkadikira kuti mutsike nokha masitepe amenewo.”

Ndandanda anakhala pabenchi la makondakitala. Anawauza za alamu ake, za lipoti, za kalata ya m'dirowa, ndi za malangizo a Zayenda. Mayi Inspekita sanamukalipire, komanso sanamutonthoze. Anati miyezi iwiri imene Zayenda akunena ndi m'mawa makumi asanu ndi limodzi, ndipo m'mawa uliwonse anthu adzakhala akudutsa pa ngalande yomweyo. Anati mlandu suwola, ndipo wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko. Koma asanapite kwa manijala, anafuna kuti akaone kaye chimene cholembera chake chinachita. Anamuuza kuti Lolemba akumane nawo kumapeto kwa nambala 14, folo koloko m'mawa, atavala nsapato zoyendera.

Lolembalo kunali mphepo. Anasiya galimoto pafupi ndi sitolo yotseka n'kuima ndi Mayi Inspekita pasiteji yakale, pamene panali denga la malata ndi benchi lopanda thabwa limodzi. Anthu anayamba kutuluka m'tinjira ta pakati pa nyumba, awiriawiri, atatuatatu, ena akuunikira ndi foni, ena atafunda matawulo kumutu. Palibe amene anaima pasitejipo. Onse anangolunjika kumsewu waukulu, ndipo awiriwo analowa m'gululo.

Msewuwo unalibe njira ya oyenda pansi. Lole ikamabwera, wakutsogolo ankafuula ndipo onse ankadzipanikiza m'mphepete, m'matope. Mayi Inspekita ankacheza ndi anthu ngati akuwadziwa kuyambira kale, ndipo ambiri ankawadziwadi. Bambo wina wophika buledi anati analandira kale makalata awiri ochenjeza chifukwa chochedwa, ndipo yachitatu ikabwera ntchito yatha. Mayi wina wosesa kubanki anati poyamba ankasiya ana atawaphikira, koma tsopano amanyamuka akugona n'kuwakhomera m'nyumba, kenako mnansi amadzawatsegulira kukacha. Mtima wake umakhala m'mwamba tsiku lonse poopa moto. Panalinso mlonda wachikulire amene ankayenda mokoka mwendo, ndipo anzake ankamudikira pa mlatho uliwonse.

Atafika pa ngalande ija, munthu wina anali atazikapo nthambi ya mtengo n'kumangirira pulasitiki yoyera kuti ena aziona. Ndandanda anaunikamo. Inali yakuya kufika m'chifuwa, pansi pake pali miyala ndi madzi akuda. Mayi wosesa kubanki uja anamuuza kuti pamenepa ndi pamene anagwera mayi wa kuchipatala, ndipo anthu anayi ndi amene anamutulutsa. Anamufunsanso ngati iye ndi mlendo m'deralo. Anayankha kuti inde.

Ulendowo unatenga mphindi makumi asanu. Anawerenga anthu makumi anayi ndi asanu ndi awiri. Pamsewu waukulu basi ya dera lina inafika itadzaza kale, inanyamula theka n'kusiya ena onse. Mayi Inspekita anamulozera otsalawo n'kumuuza kuti amenewa sapezeka pa pepala lililonse la kampani, chifukwa munthu amene wasiyidwa pasiteji sadula tikiti ndipo saonetsa khadi. Amene akufuna kudziwa za iwo ayenera kuima nawo pamenepo. Anati basi yoyamba ndi yomaliza siziyezedwa ndi muyezo umodzi ndi za masana, chifukwa wokwera masana akaphonya imodzi amadikira ina, pamene wa mbandakucha alibe ina yoti adikire.

Mlungu wonsewo Ndandanda anachita ntchito imene anayenera kuchita poyamba paja. Anakwera mabasi kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kabuku kali m'manja. Anaphunzira kuima ndi mwendo umodzi pakati pa madengu ndi zikwama. Anaona zinthu zimene pazenera la ofesi sizinkaoneka. Pa njira ya nambala 3, yopita kumadera a anthu a magalimoto, mabasi atatu ankanyamuka motsatizana masana, iliyonse ili ndi anthu osakwana khumi. Pasiteji ya pamsika waukulu, basi ya kumafakitale inkanyamuka mphindi ziwiri nambala 14 isanafike, ndipo anthu ankaiona ikupita ali pazenera, kenako n'kudikira theka la ola. Mphindi ziwiri zimenezo anazilemba yekha zaka zinayi zapitazo.

Pamsonkhano wa Lachisanu, manijala ndi akuluakulu a nthambi zonse atakhala mozungulira tebulo, Ndandanda anaimirira asanapatsidwe mpata. Anaika patebulopo lipoti lake lakale, kalata ya mayina ija ndi kabuku kake.

“Bwana, lipoti ili ndi labodza. Ndinalemba kuti ndinakwera basi ya nambala 14, koma sindinakwere. Anthu anatilembera kalata yotichenjeza ndipo ndinaisunga m'dirowa osaitsegula. Mayi wina wathyoka mwendo akuyenda pansi chifukwa chosowa basiyo. Ndi mlamu wanga.”

Zayenda ankayang'ana zikhadabo zake. Manijala anawerenga kalatayo mpaka dzina lomaliza, kenako analankhula mawu olemera. Anati kulakwitsa masamu n'kokhululukika, koma kusayina bodza ndi nkhani ina, ndipo akanakhala kuti wazitulukira yekha akanamuchotsa ntchito tsiku lomwelo. Anafunsa kumene anatenga manambalawo. Ndandanda anati anapempha yekha pepala la matikiti ndipo kulakwa kogwiritsa ntchito pepalalo n'kwake. Anamuimitsa ntchito milungu iwiri popanda malipiro, namupatsa kalata yochenjeza komaliza.

Koma msonkhanowo sunathere pa chilango. Manijala anafunsa kuti mafuta a basi ya mbandakucha achokera kuti, popeza mtengo sunatsike. Ndandanda anatsegula kabuku kake n'kusonyeza mabasi atatu a masana aja, ndipo Mayi Inspekita anavomereza kuti awiri ndi okwanira. Anagwirizana kuti basi yoyamba ya nambala 14 ibwerere Lolemba lotsatira, ndiponso kuti ya kumafakitale izidikira mphindi zisanu pamsika. Mayi Inspekita anapempha kuti pakhale lamulo loti ulendo uliwonse usachotsedwe popanda munthu wa mu ofesi kuukwera masiku asanu, dalaivala n'kusayinira kuti anamuonadi. Anapemphanso kuti anthu azidziwitsidwa milungu iwiri kusintha kusanachitike, ndipo kalata iliyonse ya okwera iziyankhidwa pasanathe masiku khumi. Manijala anavomera zonse, nawonjezera kuti alembera khonsolo za ngalande zija. Kuchokera tsiku limenelo Zayenda anasiya kumupatsa moni.

Zakuntchito zinali zopepuka poyerekeza ndi zakunyumba. Anauza mkazi wake m'khitchini, ana atapita kusukulu. Mkaziyo anamvetsera mbale ili m'manja, kenako anaiika pansi bwinobwino ngati akuopa kuti aiswa. Anamukumbutsa kuti anamufunsa pamaso pa achemwali ake, mu wodi, ndipo iye anamuyang'ana m'maso n'kunama. Anati achemwaliwo anasiya sukulu kuti iye aphunzire, ndipo manja amene anatupa ndi sopo aja ndi amene anamulipirira mayeso. Kwa masiku angapo ankalankhula naye zokhazo zofunika, monga za makiyi ndi za mankhwala.

Alamuwo atatulutsidwa m'chipatala anabwera kudzakhala kwa iwo, chifukwa sakanatha kudzisamalira okha. Dokotala anati adzayenda, koma motsimphina, ndipo kuimirira maola ambiri kwatha. Kuntchito kwawo anati aona ngati kungapezeke malo okhala pansi, mwina osoka nsalu zong'ambika, koma sanalonjeze.

Ndandanda anawapeza pakhonde masana ena, mwendo atausanjika pa kampando, ndodo zoyendera zili pambali. Anakhala pansi pasimenti, osati pampando. Alamuwo anayamba kumuseka kuti kodi ulova wa milungu iwiri wamuphunzitsa kale ulemu, koma ataona nkhope yake anasiya. Anawauza zonse, kuyambira pa kuzizira kumene anakuopa mpaka pa chizindikiro cha kapu pa envulopu.

Alamuwo anayang'ana zovala zimene zinali pachingwe. Atalankhula, mawu awo anali otsika.

“Kalata imene ija, alamu, ndinayenda nayo ndine khomo ndi khomo. Anthu ankakana kusayina, amati n'kutaya nthawi. Ine ndinkawauza kuti musadandaule, kumeneko kuli mlamu wanga, akaiona.”

Ndandanda anaweramitsa mutu ndipo misozi inagwera pasimenti. Anapepesa. Alamuwo anati amva, koma asawafulumizitse, chifukwa fupa ndi mtima sizipola tsiku limodzi. Anamuuza kuti chimene chikuwawawa kwambiri si mwendo ayi, koma zipatso zonse zija zimene ankadya akumuyamika. Kenako anamupempha kuti awasiye okha.

Basi ya mbandakucha inabwerera. Tsiku loyamba inanyamula anthu makumi asanu ndi limodzi mphambu anayi, ndipo Ndandanda anali mmodzi wa oimirira. Bambo wophika buledi uja sanalimo. Atafunsa, anauzidwa kuti kalata yachitatu inafika masiku anayi basiyo isanabwerere. Anapita kumalo ophikira buledi ndi kalata ya kampani yofotokoza kuti kuchedwako sikunali kulakwa kwa bamboyo, koma mwini wake anati malowo analowa kale wina.

Patapita milungu itatu, alamuwo anayenera kuyamba kupita kuchipatala kawiri pamlungu kukawongola mwendo. Tsiku loyamba Ndandanda anatulutsa galimoto n'kutsegula chitseko chakumbuyo, atayalamo mapilo. Alamuwo anatuluka ndi ndodo zawo, anayang'ana galimotoyo, n'kunena kuti iwo apita pa basi, ndipo iye awaperekeze. Mkazi wa Ndandanda anayesa kuwaletsa, koma anakana. Anati sadzakhala m'nyumba ya eni moyo wonse, ndipo akadzabwerera kwawo galimotoyo sidzawatsatira.

Mtunda wokafika pasiteji umene Ndandanda ankayenda mphindi zisanu unawatengera mphindi makumi awiri. Pasiteji panalibe pokhala, ndipo anatsamira mtengo wa magetsi thukuta likuyenderera. Basi itafika, inaima patali ndi m'mphepete mwa msewu. Sitepe yoyamba inali yokwera kufika m'bondo. Alamuwo anayesa kukweza mwendo wabwino, ndodo inaterereka, ndipo akanagwa Ndandanda akanapanda kuwagwira m'khwapa. Kondakitala ankamenya chitsulo kuti achite changu. Mothandizana ndi bambo wina anawanyamula n'kuwalowetsa ngati thumba. Mpando wa pafupi ndi khomo unali ndi munthu wathanzi amene anayang'ana pazenera ngati sakuona, mpaka mayi wina wa mwana kumsana ndi amene ananyamuka.

Atakhala pansi n'kupuma, alamuwo anapukuta nkhope ndi kansalu, natembenukira kwa Ndandanda amene anaima pambali pawo atagwira chitsulo cha pamwamba.

“Mwaona?”

“Ndaona, alamu.”

“Kuona kokha ayi. Lembani. Sitepe, mpando, benchi la pasiteji. Ndipo Lachinayi tibweranso, mwina lero zina zakudutsani.”

Ndandanda anapempha cholembera kwa kondakitala n'kuyamba kulemba m'kabuku kake, basi ikugwedezeka, zilembo zikupita uku ndi uku. Alamuwo ankasuzumira kuti aone ngati sakusiya kanthu.

Phunziro: Amene mumakonza za mayendedwe a anthu, kaya ndi mabasi, misewu kapena masiteji, musadalire mapepala okha. Kwerani, imani pasiteji, funsani okwera, madalaivala ndi makondakitala musanasinthe kanthu, ndipo madandaulo a anthu muziwatsegula ndi kuwayankha msanga. Mzere umodzi wodulidwa mu ofesi ungathe kuthetsa ntchito ya munthu kapena kumulumaza. Mukalakwitsa, vomerani lero, chifukwa tsiku lililonse limene mwabisa, wina akuvutika ndi cholakwa chanucho. Nanunso okwera, musatope kulemba ndi kulankhula, ndipo mukapanda kuyankhidwa pitani komweko mukafunse.